Thobwa la pa Chiliza cha Abigail

"Kambale kameneka ndi ka mwana," anatero Kalebe. "Kapena ka mphaka."

Eveline, mkazi wake, anapitiriza kugawa chakudya. Anaika dzira lowiritsa pakambalepo, nyemba masipuni atatu, mpiru pambali. Futali yense anamukankhira kwa Kalebe.

"Ndikulankhula ndi inu, mayi a Tamandani."

"Ndamva. Ndi kambale kanga."

"Mwayambanso zija."

"Eya. Ndayambanso."

Kalebe anasamba m'manja ngati madziwo amulakwira. "Kwatsala masabata atatu kuti tikaike chiliza pamanda a mlongo wanga. Abale abwera kuchokera ku Kasakula, ena ku Mponela, ena ku Lilongwe. Mukufuna adzakupezeni mutafota ngati fodya wa m'chigafa?"

"M'masabata atatu munthu safota, bambo a Tamandani. Zikanatheka bwenzi ndikuvina."

Anadzuka. Mawondo analira. Anatenga kabuku ka kuchipatala pamwamba pa kabati n'kukaika pafupi ndi mbale ya mwamunayo.

"Werengani zimene alemba ku Dowa dzulo. Makilo 112. Matenda a shuga abwerera. Adokotala anatenga kawaya, akuti andikhudza zala zakuphazi, ndikamva ndinene. Ndinakhala chete kudikira kuti ayambe. Iwo anali atamaliza kale."

Kalebe sanakatsegule kabukuko.

"Mankhwala alipo," anatero.

"Mayi anga ankamwanso mankhwala. Tinawaika m'manda ndi mwendo umodzi. Bokosi munanyamula nawo, munamva nokha kupepuka kwake."

"Musandikumbutse maliro ndikudya."

"Ndikukumbutsani za ku Joni ndiye. Achimwene anga anatitengera kumeneko kuti ndisatsatire mayi. Pepala la opareshoni munasaina ndinu. Anandidula chifu, n'kusiya kathumba konga dzira ili, n'kukalumikiza ku matumbo. Ndinalowa ndi makilo 138. Chaka chitatha ndinali ndi 79. Shuga anathawa. Kenako munapuma ntchito, tinabwera kuno kwanu."

"Ndiye kwathu kuno kwakulakwirani chiyani? Takudyetsani. Ndi mlandu umenewo?"

"Simunandidyetse. Munandimwetsa."

Zinali zoona. Kathumbako sikalola mbale yodzaza. Ukakakamiza kamabweza. Koma thobwa silipempha malo, limangodutsa. Ndipo m'mudzi muno, kuseri kwa mapiri a ku Mvera, mlendo sachoka pakhomo kukhosi kuli kouma. Mwini nyumba amatunga thobwa, amayamba walawa yekha kuti uone kuti mulibe choipa, kenako n'kukupatsa. Ukakana chimene mwini wake walawa, wamutchula mfiti. Eveline anakulira ku Kawale, kumene umangoti ndakhuta, nkhani n'kuthera pomwepo. Kuno anali mtengwa, mkazi wokhala kwawo kwa mwamuna. Lachinayi lililonse akhristu a mphakati ankakumana kupemphera, sabata ino nyumba iyi, sabata yamawa ina. Maliro, zinkhoswe, ubatizo. Chikho apa, chikho apo, shuga wothira ndi dzanja lachifundo. Zaka zitatu.

"Mwaiwala mmene zinalili titangofika," anatero Kalebe, mawu atatsika. "Ndinkati ndikakhala pa bawo, anzanga n'kumasuntha. Ankati Kalebe wabwera nazo za m'tauni, taonani mkazi wake, mafupa okhaokha. Amayi anasiya kupita kuchigayo chifukwa cha manyazi. Mutayamba kudzaza, anthu anatseka pakamwa. Tinapuma."

"Munapuma inu."

"Odi kuno, eni nyumba a m'tauni."

Anali Fanny, mlongo wake wamng'ono wa Kalebe, mkazi wathupi lake, woseka ndi mapewa omwe. M'manja anali ndi chigubu. Anasuzumira pakambale paja.

"Alamu, mwayamba kudya ndi nkhunda? Dzira limodzi? Nkhuku yake ikamva idandaula kuti inavutikiranji." Anaika chigubucho patebulo. "Amayi akuti mulawe. Akuyesa chimera cha thobwa la pa chiliza. Akuti mtengwa wawo ndiye ali ndi lilime labwino."

"Mukawauze kuti zikomo. Thobwa ndasiya."

Fanny anasiya kuseka. Anayang'ana mchimwene wake, kenako mlamu wake.

"Mawu amenewo ine sindinyamula. Akulemera kuposa chigubuchi."

"Asiyeni. Ndikawatula ndekha."

M'mawa mwake Eveline anavala nsapato zachinsalu n'kutuluka. Adokotala anati aziyenda, theka la ola tsiku lililonse. Kunali chisanu cha mu Juni. Nkhungu inali itagona m'zigwa. Anatenga njira ya kuphiri, kudutsa minda yokumbidwa mtedza, mpaka pamwala pomwe pamaonekera msewu wa ku Salima. Anapumira kanayi. Anabwerako thukuta lili kamukamu.

Pofika masana mudzi wonse unali utamva. Mkazi wa Kalebe wapita kuphiri chimanjamanja. Wopanda khasu, wopanda ndowa, wopanda chingwe cha nkhuni. Wabwerakonso chimanjamanja. Munthu wamkulu amayenda bwanji osapita kulikonse? Ena anati mutu wayamba kusokonekera. Ena anati kuli mwamuna kumeneko.

ANambewe, apongozi ake, anamuitanitsa.

Anawapeza pakhonde akuswa mtedza. Eveline anagwada chapatali, monga mtengwa. Kugwadako kunatenga nthawi.

"Ndamva kuti thobwa langa likukuwawirani."

"Ayi, amayi. Thobwa lanu palibe wolifika m'mudzi muno. Vuto ndi thupi langa. Achipatala andiletsa zotsekemera."

"Achipatala omwe anakudulani mimba muli wabwinobwino? Mulungu wam'patsa munthu thupi, iye n'kukwera basi kupita kunja kuti akamuchepetse. Kuno ena akugona ndi njala."

"Ndinali kufa, amayi."

"Kufa ndikukudziwa ine." Anasiya mtedza uja. "Abigail ndinkamusambitsa ndekha m'nyumba umu. Ndinkamudzutsa ndi dzanja limodzi, mwana wa zaka 26. Anthu ankadutsa kuseri, kuopa kuti ndingawapatse madzi. Chikho changa chinatha chaka chathunthu popanda wochigwira. Zaka makumi awiri zapita, ndangopeza kumene mphamvu zomuikira mwala. Ndiye inu mukufuna anthu adzaloze nyumba ino kachiwiri? Ine ndili moyo, pakhomo pano sipadzakhalanso mkazi wowonda."

Eveline anaweramitsa mutu. Anawamvera chisoni, chisoni chenicheni. Koma zala zakuphazi zinali pansi pakepo, zitapindika pa dothi lozizira, ndipo sankazimva.

"Pepani, amayi. Sindimwa."

"Tidzaona pa chiliza. Ndipo ngati mukufuna kumazungulira m'mapiri, muzinyamula khasu. Musatichititse manyazi."

Khasulo analinyamula. M'mawa uliwonse, paphewa, kupita nalo kuphiri n'kubwera nalo loyera. Anthu anakhutira. Amayi a pa mjigo ankamupatsa moni.

"Kumunda?"

"Kumunda."

Mu Juni, minda ili mapesi okhaokha. Palibe anafunsa kuti akukalima chiyani.

Sikuti zonse zinayenda. Lachinayi la sabata yachiwiri mphakati unakumana kwa mayi wina wokalamba, wosaona bwino. Mayiyo analawa thobwa, n'kumutambasulira chikho. Eveline analephera kukana. Anamwa theka. Anawonjezera mandasi awiri, poti tsiku linali litawonongeka kale. Pobwerera mtima unayamba kuthamanga, thukuta lozizira lili thupi lonse. Anakhala pachulu m'mbali mwa njira n'kulira. Kulira kwaukali, kopanda mawu.

Kunyumba Kalebe anamuyang'ana n'kupukusa mutu.

"Mwaona? Thupi likufuna chakudya. Mukudzizunza pachabe."

Eveline anapita kukagona. Kutacha anawiritsa dzira, anamwa mavitamini ake, ananyamula khasu.

Lolemba lotsatira anakwera kabaza mpaka pamsewu, kenako minibasi ya ku Dowa. Sikelo inati 109. Makilo atatu okha, koma anali ake. Namwino anamuuza kuti asathamange. Aziyamba ndi ndiwo, dzira kapena nyemba kapena usipa, zina pambuyo. Madzi azimwa patapita nthawi atadya. Zakumwa zotsekemera, ngakhale dontho.

"Kumudzi n'kovuta," anatero Eveline.

"Ndikudziwa. Kwathu ndi ku Ntchisi. Koma mwendo sitisoka, mayi."

Potuluka anadzera kuseri kwa chipatala kuti afupikitse njira. Pokhota pangodya anakumana maso ndi maso ndi Fanny. Ankatuluka pakhomo lija anthu a kumudzi amalowapo atayamba ayang'ana uku ndi uku. M'manja anali ndi mabotolo atatu a mapiritsi. Ankawakulunga m'chitenje kuti asamamveke poyenda.

"Alamu," anatero Fanny. Mawu okhawo.

"Munati mukupita ku Mponela kukagula nsalu."

"Nsalu yake ndi imeneyi."

Anakakhala pa benchi pansi pa mtengo, mabotolo aja pakati pawo.

"Chaka chachisanu ndi chiwiri chino," anatero Fanny. "Bambo a ana anga anandisiyira kachilomboka asanathawire ku Kasungu. Ndimabwera kuno chifukwa kwathu kuja aliyense amandidziwa. Ndikumwa bwinobwino, sindidwala. Amayi akandiona amati, taonani Fanny wanga, thupi ngati mkazi wa bwana. Ine n'kumaseka. Nanga nditani?"

"Ndiye za nkhunda zija? Za mafupa zija, titangofika? Inunso munkaseka nawo."

"Ndinkayambitsa ndine." Fanny anayang'ana pansi. "Akamayang'ana inu, sayang'ana ine."

Eveline anamuyang'anitsitsa. Zaka zitatu za zikho. Anafuna kuimirira n'kumusiya pomwepo. Sanaimirire.

"Mukawauza amayi?" anafunsa Fanny.

"Si nkhani yanga. Yanga ndi imodzi. Loweruka, pa chiliza, sindimwa."

"Akukonzerani chikho chomwe chija, cha nthawi ya Abigail. Akufuna mumwe anthu onse akuona."

"Ndikudziwa. Tiyeni, minibasi ingatisiye."

Loweruka kunacha kwamphepo. Kumanda akatekisiti anapemphera, anawaza madzi odalitsa pamwala, amayi anaimba. ANambewe anasisita dzina la mwana wawo ndi chala, chilembo chimodzichimodzi, ngakhale sadziwa kuwerenga. Kenako gulu lonse linabwerera kumudzi. Amuna pamipando, amayi pamphasa. Pansi pa mtengo wa mango panali migolo iwiri ya thobwa.

Kalebe anamupeza mkazi wake kuseri kwa nkhokwe.

"Mungonyowetsa milomo basi. Chonde, mayi a Tamandani. Lero lokha."

"Ndanyowetsa milomo zaka zitatu. Nthawi zonse linali lero lokha."

"Amalume a Elisha abwera kuchokera ku Kasakula. Mukuwadziwa pakamwa pawo. Ndidzayang'ana kuti ine?"

"Muyang'ane mapazi anga. Akadalipo awiri."

ANambewe anaimirira pakati pa bwalo, chikho chakale m'manja, chakuda ndi zaka. Anatunga mu mgolo.

"Abale, thobwa ili ndi la mwana wanga Abigail. Ndaphika ndekha, sindinalole dzanja lina. Woyamba kumwa akhale mtengwa wanga, amene anabwera pano ali kamtengo, ife n'kumusandutsa munthu."

Anthu anaseka. Wina analuluta. ANambewe analawa, anapukuta pakamwa, n'kutambasula dzanja.

Eveline anayenda pakati pa mphasa. Anagwada. Analandira ndi manja awiri. Fungo la chimera linamulowa m'mphuno, malovu n'kudzaza m'kamwa. Thobwa la aNambewe linali lokomadi. Limenelo silinali bodza.

"Amayi, ndalandira," anatero, mokweza kuti a pamipando amve. "Aliyense waona kuti ndalandira, ndi manja awiri. M'chikho muno mulibe choipa. Amene adzanene kuti ndakutchulani mfiti ndi wabodza, ndipo adzanenere pamaso panga. Koma sindimwa."

Kenako manong'onong'o, ngati mphepo m'mapesi.

"Mphwanga," anatero a Elisha, osatembenuza n'komwe mutu, "kodi pakhomo pako mwamuna ndani?"

Kalebe anayang'ana nsapato zake.

Eveline anadzuka. Popanda dzanja logwirira pansi kunali kovuta, koma thobwa silinatayike. Anatembenukira kwa anthu.

"Ndili ndi matenda a shuga. Anapha mayi anga, atayamba awadula mwendo. Ine anandichepetsa chifu kuti ndikhale ndi moyo, ndipo ndinachira. Nditawonda, inu munandipatsa matenda ena ndi pakamwa panu. Ndinachita mantha. Ndinamwa kuti mukhale chete. Mwakhala chete zaka zitatu, ine zala zanga zakuphazi zafa. Ndiye ndikuuziranitu lero, kuti musadzavutike ndi kunong'ona. Ndiwondanso. Mudzanene zimene mukufuna, pa mjigo, pa bawo, kuchigayo. Miyendo ndi yanga. Ndikufuna kudzalowa nayo m'manda yonse iwiri."

"Pa tsiku la mwana wanga," anatero aNambewe. "Pa tsiku la mwana wanga mukundibwezera chikho. Wowonda ndi wodwala, ndani sadziwa? Ine ndinaona ndi maso angawa. Taonani Fanny wanga apo. Munthu wabwinobwino amaoneka choncho."

Mawu anafika pa lilime la Eveline. Anali pomwepo, okonzeka, ndipo akanathetsa mlandu wonse nthawi imodzi. Anayang'ana Fanny. Fanny anali atagwira m'mphepete mwa mphasa ndi manja onse awiri.

Eveline anawameza mawuwo.

Anangoima, chikho m'manja. Kuchiika pansi kukanakhala kutukwana. Kuchibweza kwa mwini wake, chimodzimodzi. Kumwa, ayi. Mikono inayamba kulema. Mphepo inagwetsera tsamba la mango m'thobwamo. Palibe anasuntha. Anaganiza kuti aima choncho mpaka dzuwa kulowa ngati kuli kofunika.

Fanny anadzuka, n'kukonza chitenje.

"Alamu, bweretsani kuno. Inu a m'tauni simudziwa kugwira chikho, muchiswa."

Anachotsa tsamba lija ndi chala. Anamwa osapumira, mpaka chikho chinayang'ana kumwamba. Anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Lakoma, amayi. Abigail akanapempha china." Kenako anatsitsa mawu, koma a pamphasa zapafupi anamva. "Koma musamaloze ine poyeza anthu. Thupi silinena za m'magazi. Alendo akapita ndili nanu nkhani, inu ndi ine."

ANambewe anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Anayang'ana masaya, mikono, khosi, ngati akumuona koyamba. Analandira chikho chopanda kanthu chija n'kukhala pansi, pa dothi, mphasa ili pambali.

Akatekisiti anayambitsa nyimbo, poti wina anayenera kuyambitsa kanthu. Amayi anayamba kugawa thobwa. Zikho zinayenda mizere yonse. Pa Eveline zinkalambalala.

Nthawi ya chakudya anatulutsa kambale kake m'chikwama. Anaikapo kanyama ka nkhuku ndi mpiru. Anadya pakati pa anthu, pang'onopang'ono, kutafuna mpaka kusalala monga anamuphunzitsira ku Joni. Ena anayang'ana. Anawasiya ayang'ane.

A Elisha anamukokera Kalebe pambali, koma mawu awo sadziwa kunong'ona.

"Mkazi ameneyu ngofunika ankhoswe. Wanyoza mlongo wanga pagulu."

"Amalume," anatero Kalebe, "pepala la opareshoni ija ndinasaina ndine."

Kwa mkazi wake sanalankhule tsiku lonselo, ngakhale Lamulungu lake. Koma kabuku ka kuchipatala kaja Eveline anakapeza katasuntha pa kabati, katatsegulidwa pa tsamba la makilo.

Lolemba m'mawa anamanga zingwe za nsapato zake zachinsalu. Khasu linali litatsamira khoma, pamalo pake. Analiyang'ana. Anatseka chitseko.

Njira ya kuphiri imadutsa pakhomo pa aNambewe. Anawapeza akusesa, maso otupa. Pakhonde panali Fanny, atakhala pansi, kapu ya madzi ndi botolo la mapiritsi pambali pake. Eveline anapinda mawondo pang'ono.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

Tsache linapitiriza ntchito yake. Kamodzi, kawiri, katatu. Kenako linaima.

"Khasu mwaiwala."

"Sindinaiwale, amayi."

ANambewe anamuyang'ana kuyambira kumutu, n'kutsika, mpaka maso anaima pa mapazi. Anakhala pamenepo. Kenako anayambanso kusesa.

Eveline sanadzere kuseri kwa nyumba. Anadutsa pakati pa mudzi, manja ali lendelende. Pa mjigo amayi anasiya kupopa. Mmodzi anayang'ana paphewa pake popanda kanthu, n'kufunsabe, mwa chizolowezi.

"Kumunda?"

"Ayi," anatero Eveline, osachepetsa liwiro. "Ndikungoyenda."